Kugula galimoto yakale kuno ku Tete: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse fodya akangogulitsidwa, mbatatesi za ku Tsangano ndi ku Dómuè zikayamba kukwera malole, foni yanga sipuma. Wina akuti, "Achimwene, ndapeza kagalimoto ku Moatize, tiyeni mukandionereko." Wina akuti, "Amalume, ku Matundo kuli Canter, mwini wake akufuna ndalama lero lomwe." Ndimakonza magalimoto ku Ulongué, ndipo ndisanagwire sipanala ndinayendetsapo shapa zaka zingapo pamsewu wotsikira ku Tete. Mafunso amene anthu amabwera nawo ndi amodzimodzi, choncho ndawasonkhanitsa pano. Ndayamba ndi za mapepala mwadala. Injini ikawonongeka ine ndi anzanga timaikonza, koma pepala lolakwika palibe sipanala yomwe ingalimasule, ndipo anthu amene ndawaona akulira kwambiri analizidwa ndi mapepala.

Ndikafika pamene pali galimotoyo, ndiyambe kuona chiyani?

Musanatsegule boneti pemphani zinthu zitatu: livrete, título de propriedade, ndi BI ya amene akugulitsayo. Livrete imafotokoza galimotoyo: matrícula yake, mtundu wake, nambala ya chasisi, nambala ya injini, utoto, mafuta amene imamwa, ndi chiwerengero cha anthu amene iyenera kunyamula. Título imanena mwini wake. BI ikuuzani ngati munthu waima patsogolo panuyo ali yemwe uja walembedwa pa título. Zikhale zenizeni, osati fotokope. Akanena kuti zenizenizo zatsala kunyumba, pitani nawo kunyumbako.

Kenako fananizani nambala ya chasisi. Ine popita kokaona galimoto ndimanyamula mswachi wakale, kabotolo ka palafini, kansanza ndi tochi. Pa Hilux zambiri nambalayo inadindidwa pachitsulo cha chasisi chenichenicho, pafupi ndi tayala la kudzanja lamanja, lakutsogolo kapena lakumbuyo, ndipo kawirikawiri imakhala itakwiririka ndi matope ouma. Ngati ili kutsogolo pindani chiwongolero kuti tayala lipatuke, gwadani, kwechani mpaka zilembo zonse zioneke. Pa timagalimoto ting'onoting'ono imapezeka pakhoma lachitsulo kuseri kwa injini, kapena pansi pa mpando wakutsogolo mukakweza kapeti. Mmodzi aziwerenga mokweza pachitsulopo, wina azitsatira ndi chala pa livrete, chilembo chimodzichimodzi kuyambira koyamba mpaka komaliza. Ambiri amangoona manambala atatu omalizira n'kunena kuti zagwirizana.

Yang'anitsitsaninso chitsulo chozungulira nambalayo. Ngati pakusalala ngati panadutsa galainda, ngati pali mzere wowotcherera mozungulira, ngati zilembo zina n'zopendama kapena zakuya kuposa zinzake, kapena ngati pamalo pokhapo ndi pomwe pali utoto watsopano, bwezani mapepala, thokozani, muzipita. Za mtengo musayambe n'komwe.

Magalimoto amene anapangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi nambala yaifupi, monga NZE121 kenako kamzere ndi manambala 7, pamene ochokera ku South Africa amakhala ndi ya zilembo 17. Zonsezo n'zabwinobwino bola zifanane ndi za pa livrete. Nambala ya injini nayo ioneni. Injini zimasinthidwa, makamaka pa Hiace, ndipo si mlandu, koma kusinthako kumayenera kulembetsedwa ku INATRO, ofesi ija kale tinkaitcha INATTER. Ngati sanalembetse, akalembetse iwo musanalipire.

Dzina la pa título si la wogulitsayo. Akuti anagula kwa mnzake koma sanasinthe. Ndigule?

Ili ndi funso limene ndimafunsidwa kwambiri, ndipo yankho langa silisintha: musagule mpaka mwini wake wa pa título apezeke.

Msuweni wanga wina anagula Hiace m'njira imeneyi. Galimoto inali yabwino ndithu, injini ya 5L yosatulutsa utsi, ndinaiona ndi maso anga. Mapepala anali m'dzina la bambo wina wa ku Beira, ndipo galimotoyo inali itadutsa m'manja mwa anthu atatu, aliyense akungopatsira mnzake livrete ndi kapepala kolemba pamanja. Tsiku lokapempha chilolezo chonyamulira anthu anauzidwa kuti mwini galimoto ndiye asaine. Atafufuza anapeza kuti bamboyo anamwalira kalekale. Panafunika kupeza ana ake, anawo achite habilitação de herdeiros, chikalata chotsimikiza olowa chuma cha womwalira, ndipo onse avomereze. Wina anali ku Nampula, wina sankafuna n'kumva komwe za galimoto imene bambo ake anagulitsa iye ali mwana. Hiace ija inaima pansi pa mtengo wa mango kwa amayi aang'ono mpaka matayala anaphwa okha, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ndalama za fodya wa zaka ziwiri zinali mmenemo. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinaona injini koma sindinaumirire za título.

Njira zoyenera zilipo. Mwini wake weniweni abwere, musainirane declaração de compra e venda, masaini akatsimikizidwe ku cartório, kenako mupite ku Conservatória kuti dzina lanu lilowe m'kaundula. Ngati ali kutali, apereke procuração, kalata yopatsa wina mphamvu yomusainira, yopangidwa kwa notário, yotchula galimotoyo ndi nambala zake. Apo ayi, wogulitsayo ayambe wasintha galimotoyo kukhala m'dzina lake, ndalama zosinthirazo zikhale zake. Inu konzekerani BI ndi NUIT yanu.

Kalata ya kwa amfumu kapena ya kwa secretário wa bairro imathandiza ngati umboni woti munalipira, koma siisintha umwini wa galimoto. Chinanso chimene amuna anzanga sakonda kumva: ngati wogulitsayo ali pabanja, funsani ngati mayi akunyumba akudziwa. Ndaonapo mayi akufika pagalaja ndi abale awo kudzaletsa galimoto imene inagulitsidwa iwo ali kumaliro kumudzi.

Ndingadziwe bwanji kuti galimotoyo ilibe ngongole?

Pemphani certidão ku Conservatória. Mmenemo mumaoneka ngati galimotoyo ili chikole ku banki, ngati khoti linaigwira, kapena ngati amene anaigulitsa poyamba akadali ndi umwini mpaka ngongole ithe. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi zimene mukufuna kutulutsa.

Onaninso malisiti a manifesto, msonkho uja timalipira ku município pakati pa Januwale ndi Malichi, a taxa ya wailesi, ficha ya inspecção, ndi seguro. Ngati manifesto sanalipidwe zaka zingapo, dzawerengereni pamtengo, chifukwa amene adzaime pawindo kukalipira ndinu. Ngongole za katapila sizilembedwa ku Conservatória, ndiye funsafunsani kwa anthu a pamalo amene galimotoyo imagona.

Pali galimoto yotchipa ya nambala ya ku Malawi, ina ya ku South Africa. Vuto lili pati?

Ife a m'malire timazolowera. Ku Calómuè, ku Biri-Biri ndi ku Zóbuè magalimoto a ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza amalowa ndi kutuluka tsiku lililonse, achibale ali mbali zonse ziwiri, moti nambala yakunja sitiiona ngati yachilendo. Koma lamulo limaiona. Galimoto ya nambala yakunja imalowa ndi chilolezo cha masiku owerengeka, ndipo masikuwo akatha imakhala ili m'dziko muno mosaloledwa. Kuti ilandire nambala yothera ndi TT iyenera kudutsa ku Alfândega kudzera kwa despachante, woyendetsa mapepala a katundu wolowa m'dziko, n'kulipira direitos, ICE ndi IVA, yomwe kuyambira 2023 ili pa 16 peresenti. Kutchipa kumene mukuonako ndi misonkho imeneyi imene sinalipidwe. Musanasangalale, pitani kwa despachante wovomerezeka akuwerengereni, muphatikize ndi mtengo wa galimotoyo, kenako muone ngati ikadali yotchipa.

Pa za ku South Africa onjezani kusamala. Ma Hilux, Fortuner ndi Ranger ambiri obedwa kumeneko amawolotsedwa malire kudzagulitsidwa kumaiko oyandikana nawo, kuphatikizapo kwathu kuno. Galimoto yotuluka mwalamulo imakhala ndi chikalata cha apolisi akumeneko chotsimikiza kuti si yobedwa. Ngati palibe, kapena mtima wanu ukukayika, uzani wogulitsayo kuti mupite limodzi ku SERNIC, apolisi ofufuza milandu, akaione. Munthu wachilungamo sakana. Akayamba zoti "tisavutitse akuluakulu," mwayankhidwa kale. Galimoto yobedwa ikagwidwa imapita, ndalama zanu sizibwerera, ndipo mafunso amayambira pa inu amene mwapezeka ndi makiyi.

Palinso magalimoto amene analowa osalipira msonkho chifukwa anali a mabungwe kapena a mapulojekiti. Amenewo sagulitsidwa wamba ngati nkhani ya msonkhoyo sinathe. Funsani chikalata cha ku Alfândega.

Si bwino kungoitanitsa ku Japan?

Nthawi zina ndi bwino. Galimoto yochokera ku Japan kawirikawiri imakhala isanaone maenje athu, ndipo mapepala amayambira pa dzina lanu. Koma mtengo umene mumaona pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pali sitima, zolipira padoko, kaya ndi Beira, Nacala, Durban kapena Dar es Salaam, despachante, misonkho, matrícula, ndi mafuta ndi dalaivala woibweretsa kuno. Werengerani zonsezi musanatumize kalikonse, ndipo ndalama zipite ku akaunti ya kampani yomwe ikugulitsayo, osati ya munthu amene mwadziwana naye pa WhatsApp.

Ikafika, onani matayala. Ambiri amabwera ndi matayala a m'chisanu, a mphira wofewa wokhala ndi timizere tambirimbiri. Patala wotentha wa ku Changara amatha msanga ndipo sagwira bwino. Suzumiraninso kunsi: magalimoto a kumpoto kwa Japan, kumene amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, amabwera ndi dzimbiri. Ndipo kumbukirani kuti Ractis, Vitz, Fit ndi Sienta n'zotsika kunsi. M'tauni ya Tete zili bwino, koma ngati kwanu ndi kumudzi kumene mvula ikagwa msewu umasanduka ngalande, mudzasiya sampu pamwala.

Injini ndingaiyese bwanji ine wosadziwa za umakaniko?

Ioneni m'mawa, isanalizidwe. Ichi chokha chimaulula zambiri kuposa china chilichonse. Mukafika ikani dzanja pa injini. Ngati ili yofunda, ndiye kuti ailiza kale kuti musamve mmene imavutikira podzuka. Nenani kuti mubweranso mawa.

Tsiku lina tinagwirizana ndi wogulitsa Hilux ku Chingodzi kuti tifike 9 koloko. Tinagona ku Moatize, ndiye tinafika 6 koloko. Tinapeza boneti ili yotsegula, mnyamata wantchito ali ndi chigubu cha malita 5 akuthira madzi mu rediyeta, pansi pali chithaphwi. Ndinamupatsa moni, n'kumufunsa kuti amathira kangati. Mwana wosalakwa anangoti, "M'mawa uliwonse, bambo." Nditatsegula chotsekera oyilo, kunsi kwake kunali phala loyera ngati chambiko. Madzi ndi oyilo zinali zikusakanikirana, gasiketi inali itapsa, mwinanso mutu wa injini unali utang'aluka. Kunja galimotoyo inkawala ngati yatsopano. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye chitani chonchi. Injini ikadali yozizira tsegulani rediyeta, madzi akhale odzaza, opanda mafuta oyandama, asakhale ofiira ngati thobwa. Solol­ani kachitsulo koyezera oyilo, mugwire oyiloyo pakati pa zala: ngati ali wolimba ngati uchi, mwina athira wokhuthala dala kuti abise kugogoda. Tembenuzani kiyi osaliza, magetsi onse a padashibodi ayake, la oyilo, la batire, la injini, la ABS, la airbag, ndipo mukaliza onse azime. Getsi limene siliyaka n'komwe likhoza kukhala kuti analichotsa babu.

Mnzanu alize, inu muime kumbuyo. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi madzi akulowa momwe sayenera. Utsi wakuda pa ya dizilo umaloza ku mainjekita, pampu kapena sefa ya mpweya, ndipo pa injini za D-4D mainjekita ndi okwera mtengo kwambiri. Dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu wawononga ambiri. Injini ikulira yokha, masulani chotsekera oyilo n'kungochikhazika pabowo. Chikamavinavina pang'ono palibe vuto. Chikamalumpha, utsi ukufuka ngati pa mbaula, injiniyo yatopa m'kati. Mu rediyeta namo mukamatuluka thovu losalekeza, gasiketi yapita.

Za kutentha ndikakamira pang'ono, chifukwa ndi zimene zimapha injini kuno. Mu Okutobala ndi Novembala mumzinda wa Tete kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo kuchoka ku Moatize kupita ku Zóbuè kapena ku Angónia ndi chitunda chokhachokha. Injini yofooka imabisala m'tauni koma pamenepo imaonekera. Funsani ngati themositati ilimo. Ambiri amaichotsa, n'kulumikiza fani kuti izingozungulira nthawi zonse, amati ndi chifukwa cha dzuwa la ku Tete. Nthawi zambiri chimenecho ndi chizindikiro choti galimotoyo inayamba yawirapo, ndipo m'malo mokonza rediyeta anangobisa matenda. Injini yotsukidwa mpaka kuwala nayo imandikayikitsa. Ndimakonda yafumbi, chifukwa pafumbi m'pamene pamaoneka pomwe oyilo akudontha.

Makilomita a padashibodi ndiwakhulupirire?

Osati okha. Kubweza manambala ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa odziwa. Fananizani ndi zimene sizinama: mphira wa pamapedulo, chiwongolero, mutu wa giya, ndi mpando wa dalaivala mbali yotsikira. Galimoto yolembedwa 60,000 koma pedulo ya mabuleki yatha mpaka chitsulo chikuoneka, yayenda kuposa pamenepo. Sakani timapepala tomata pachitseko kapena pa injini pomwe amalemba makilomita posintha oyilo kapena lamba wa tayimingi. Ngati ndi ya ku Japan, export certificate imakhala ndi makilomita amene analembedwa poiyeza komweko, ndiye pemphani kope lake.

Komabe makilomita ambiri asakuopseni kwambiri. Hilux imene yayenda 300,000 ikusinthidwa oyilo pa nthawi yake ndi yabwino kuposa ya 120,000 imene mwini wake ankangothira mafuta basi.

Nanga ngati inachitapo ngozi kapena inamirapo m'madzi?

Ioneni masana, padzuwa, itatsukidwa. Imani pakona muyang'ane m'mbali mwake motsetsereka, utoto wa chitseko chimodzi ukasiyana ndi chinzake muona. Mipata ya pakati pa zitseko, boneti ndi buti ikhale yofanana mbali zonse. Kulungani kamaginito m'kansalu, muyendetse pathupi lake: pomwe sikakugwira ndi pomwe a bate-chapa anadzaza masa. Mabawuti a boneti ndi a mapiko akakhala okalika mitu, zinamasulidwapo. Chotsani tayala lapadera muone pansi pa buti ngati pali makwinya. Kukandika pang'ono si nkhani, galimoto yakale iliyonse ili ndi zipsera. Chimene ndimakana ndi chasisi yopindika kapena yowotcherera.

Pa mapikapu ndi Canter lowani kunsi ndithu, musaope fumbi. Magalimoto athu amanyamula matumba a mbatatesi, mabelo a fodya ndi makala kupyola muyezo, ndipo chasisi imathyoka pakati pa kabini ndi bodi, kapena pomangirira masipuling'i. Mukaona zitsulo zomatidwa pamenepo, dziwani kuti inathyokapo. Matayala akutsogolo akamatha mbali imodzi, pali chopindika kapena mabushi atha.

Za madzi musazione ngati za kutali. Mphepo yamkuntho ya Idai inamiza magalimoto ku Beira mu Malichi 2019, ndipo mu Januwale 2022 mphepo yamkuntho ya Ana inadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Magalimoto omira amaumitsidwa n'kugulitsidwa. Kwezani kapeti mufufuze matope osalala ngati ufa. Onani njanji za mipando ngati zachita dzimbiri. Kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto, muone ngati pali mzere wa madzi. Tsegulani bokosi la mafyuzi, mawaya akakhala obiriwira, madzi anafikamo. Galimoto yonunkhira sopo kapena perefyumu mopitirira, tsekani mawindo kwa mphindi zingapo padzuwa, fungo lachinyontho limatuluka. Yoteroyo imayenda bwino mwezi woyamba, kenako magetsi amayamba kufa limodzilimodzi.

Poiyesa pamsewu, kuzungulira bairro sikukwana?

Sikukwana. Thirani mafuta ndi ndalama zanu, muyende mphindi 30 kapena kuposa, wailesi itazimitsidwa. Payenera kukhala chitunda, msewu wafumbi wa mabampu, ndi tala wowongoka. Pachitunda ikani giya yapamwamba n'kuponda mafuta: injini ikakwera mawu koma liwiro osawonjezeka, klatchi yatha. Pamabampu mverani kugogoda kwa kunsi. Patala masulani pang'ono chiwongolero muone ngati ikukokera mbali, kenako pondani mabuleki mwamphamvu pomwe palibe anthu. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuyenda pang'onopang'ono, mukamva "ta-ta-ta" ndi ma CV, majoini a mashafiti ozungulitsa matayala, amene atha. Ngati ndi ya 4x4, ilowetseni pamchenga muone kuti ikugwiradi. Ambiri amagula 4x4 imene shafiti yakutsogolo inachotsedwa kalekale. Yatsani AC, diso lili pa singano ya kutentha. Pobwerera iimikeni pamalo ouma, isazimitsidwe kwa mphindi zingapo, kenako muisunthe muone chimene chadontha.

Ya automatic kapena ya manual?

Ya ntchito yonyamula katundu ndi ya kumudzi, manual. Ikafa batire mumakankha, ndipo klatchi makaniko aliyense ku Furancungo amaidziwa. Automatic si yoipa, koma onani oyilo wake: akhale wofiirira, asanunkhe kupsa. Mukaika D kapena R ilowe msanga, mosagunda. Timagalimoto tambiri ta ku Japan tili ndi giyabokosi ya CVT, yomwe imafuna oyilo wakewake. Funsani kuti ankathiramo wanji. Akayankha kuti "wa automatic wamba," chenjerani nayo.

Magalimoto ochokera kumigodi ya ku Moatize ndi abwino?

Ena ndi abwino kwambiri, chifukwa makampani amasintha oyilo pa nthawi yake ndipo amasunga mbiri ya galimoto iliyonse. Pemphani mbiriyo. Koma dziwani moyo umene anakhala: madalaivala osiyanasiyana usana ndi usiku, fumbi la malasha, ndi maola ambiri injini ikulira galimoto itaima kuti AC izizizira. Maola amenewo salembedwa pa makilomita. Tsegulani bokosi la sefa ya mpweya, mupitirize chala m'payipi yopita ku injini. Chala chikatuluka chakuda ndi fumbi, fumbilo lalowanso m'kati. Ndipo pakhale chikalata cha kampani chosonyeza kuti inagulitsadi galimotoyo, chosainidwa ndi amene ali ndi mphamvu yogulitsa.

Mtundu wabwino ndi uti?

Umene masipeya ake mungawapeze ku Tete tsiku lomwelo, kapena ku Lilongwe ndi ku Blantyre mukawoloka. N'chifukwa chake Toyota yadzaza misewu yathu, ndipo Canter, Hardbody ndi Isuzu KB zili ndi anthu ozidziwa. Galimoto ya ku Ulaya yotchipa pogula imatha kuima miyezi itatu kudikira kachipangizo kamodzi kochokera ku Johannesburg. Musanagule, lowani m'sitolo ziwiri za masipeya mufunse mtengo wa mashoko, pampu ya madzi ndi galasi lakutsogolo la mtundu umenewo.

Makaniko ndimutenge wa kuti? Nanga adobadoba?

Wanu, amene mudzamulipire inu, ndipo mumulipire kaya mwagula kaya simunagule. Makaniko amene wabwera ndi wogulitsa, kapena amene walonjezedwa kangachepe malonda akatheka, maso ake saona bwino. Ngati galimotoyo ndi ya makono, apite ndi kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto.

Adobadoba, amene ku Maputo amawatcha ma nhonguista, amathandiza kupeza galimoto, ndipo ena ndi anthu abwino. Koma phindu lawo lili pa kufulumira kwanu. Mawu oti "pali wina akubwera ndi ndalama masana ano" ndawamva pafupifupi pa galimoto iliyonse imene ndinapitako. Lankhulani ndi mwini wake maso ndi maso, mumve mtengo kuchokera pakamwa pake.

Ndilipire bwanji?

Kudzera ku banki, kuchoka ku akaunti yanu kupita ku akaunti ya dzina lomwe lili pa título, tsiku lomwe mukusainirana ku cartório. Lisiti la ku banki ndi mboni imene siiwala. Musayende ndi chikwama cha meticais kupita kunyumba ya munthu wosamudziwa, makamaka nyengo ya fodya pamene aliyense akudziwa kuti alimi ali ndi ndalama. Musatumize chikole pa M-Pesa kapena e-Mola pa galimoto imene mwangoiona pa Facebook; zithunzi zomwezo zimagulitsidwa kwa anthu khumi. Ngati mwagwirizana zolipira pang'onopang'ono, zilembedwe: zaperekedwa zingati, zatsala zingati, tsiku lomaliza ndi liti, ndi mboni ziwiri. Polandira makiyi funsani kiyi yachiwiri, jeke, sipanala ya matayala ndi tayala lapadera.

Ndagula. Ndiyambe ndi chiyani?

Ndikukhulupirira kuti simunathere ndalama zonse pogula, chifukwa sabata yoyamba imafuna zake. Yambani ndi ku Conservatória, dzina lisinthe mwini wake wakale akadali pafupi ndipo foni yake ikuyankhidwa. Dulani seguro m'dzina lanu. Kenako kugalaja: oyilo, masefa onse, madzi a mu rediyeta, mabuleki. Ngati injini ndi ya lamba wa tayimingi ndipo palibe umboni wa tsiku limene anasinthidwa, sinthani. Pa injini za Toyota za 3L ndi 5L amasinthidwa pa makilomita 100,000, pa 2KD ndi 1KD pa 150,000, ndipo akaduka muli paulendo amawononga mavavu. Pamatayala werengani manambala 4 a m'mbali, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa; 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018. Tayala lakale limaphulika pakutentha ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. Gulani matriângulo awiri ndi kolete yonyezimira, a Trânsito adzazifunsa.

Paulendo woyamba wokwera kumudzi nyamukani m'mawa kusanatenthe, musadzaze katundu, nyamulani chigubu cha madzi, ndipo diso likhale pa singano ya kutentha mpaka mudutse Mussacama.